Phazi Langa pa Kilatchi ya Apongozi

Amayi anzanga a kumpingo akhala akundiumiriza kuti ndilembe za ulendo wanga wa kumudzi, poti ndikamafotokoza pakamwa ndimayamba kulira ndisanafike ndi pakati pomwe. Sukulu ndinalekera kupulayimale, ndiye pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Choyamba ndiyamike Mulungu amene anatisunga pa msewu wonse uja.

Ine ndine Nachisale, kwathu ndi ku Dedza. Kuno ku Durban ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Queensburgh, kugona ndimagona ku Chatsworth, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amwenye. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi yekha, Malita, ndipo anatsala kumudzi. Pa mimba yake yoyamba anapita padera ali yekha, ine ndili kuno ndikukolopa nyumba ya eni. Atakhalanso ndi pakati, adokotala anamuuza kuti ulendo uno akadikirire kuchipatala, kuchidikiro, ndipo adzamuchita opaleshoni. Amene munagonekapo munthu m'chipatala cha kwathu mukudziwa kuti wodwala wopanda gadiyani ndi wamasiye. Palibe womuphikira, palibe womuchapira, palibe womuthamangira kukaitana anamwino. Apongozi ake aakazi anamwalira kalekale. Amene anamuperekeza ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, koma mayiyo ananeneratu kuti mvula ikangogwa abwerera kukabzala. Malita pa foni sanachulutse mawu. Anangoti, “Amayi, ulendo uno musandisiye ndekha.” Ndinalonjeza.

Madamu anandipatsa tchuthi mochedwa, Disembala atalowa kale, mabasi onse a ku Malawi atadzaza. Njira inatsala imodzi, galimoto ya mwamuna wa Malita, a Mbewe, amene amasamalira maluwa ndi kapinga m'mafulati a ku Greyville.

Galimotoyo inali yakale, yaitali miyendo, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi. Anaigula injini yake ya petulo itafa, n'kukapeza injini ya dizilo ya galimoto ya mtundu wina uko amagulitsa zigoba za magalimoto. Amene anaiikamo ndi mmwenye wina wachikulire wa ku Chatsworth komweko, tonse timangowatchula kuti Ankolo. Galimoto inakhala miyezi pabwalo pa Ankolo, akudula apa, akuwotcherera apo, chifukwa injini yatsopanoyo sinkagwirizana ndi malo ake. Maganizo a a Mbewe anali oti akaisiye kumudzi izikanyamula kachewere m'mapiri a kwathu. Ankolo anati ntchito yatha ndithu, kungoti akanakonda iyendeko kaye m'tauni muno kuti aone pamene ikudwala. Nthawi imeneyo ife tinalibe.

Vuto lina silinali la injini. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana kumaso, sakhalira mphasa imodzi, sadyera pamodzi. Mukakumana pa njira, wina amapatukira kutchire. Ife ngakhale kuno ku Joni tinasunga zimenezo. Kutchalitchi a Mbewe akaona ndatulukira khomo ili, iwo amatulukira linalo. Akandigulira shuga amasiya kwa eni nyumba. Zaka zonsezi nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali basi. Tsono anthu otere akhale m'galimoto imodzi kuchokera ku Durban mpaka ku Dedza?

Mulungu anatipatsa a Naphiri, mayi wa kumpingo kwathu, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Malawi. Ankapita kwawo ku Harare. Anakhala kutsogolo, ine kumbuyo pakati pa zikwama, mabulangete ndi bafa la mwana, ndipo mawu onse ankadzera mwa iwo. A Mbewe akafuna kudziwa ngati ndakhala bwino ankafunsa a Naphiri, a Naphiri n'kutembenuka kundifunsa, ngakhale ndinali nditamva kale ndi makutu anga. Nthawi zina ankathiramo zawo. Ine nditayankha kuti ndili bwino, iwo anawauza a Mbewe kuti apongozi akuti muziyendetsa ngati munthu wobatizidwa.

Tinanyamuka m'mawa titapemphera, koma sitinafike patali. Pa mtunda wongopitirira Pinetown munamveka kulira m'boneti ngati kagalu kopondedwa, kenako ndinaona a Mbewe akulimbana ndi chiwongolero ndi manja onse awiri, msana utauma. Anaimika pambali. Lamba woyendetsa pampu imene imafewetsa chiwongolero anali atavuka. Anamubwezera, tinayenda pang'ono, anavukanso. Anaimbira Ankolo, amene anafika dzuwa lili pamutu, sipanala ili m'thumba la kabudula. Anatseka diso limodzi ngati munthu woyeza mzere m'munda, n'kunena kuti chitsulo chimene anawotcherera kuti chigwire pampuyo chapendekeka pang'ono, ndiye timagudumu ta lamba sitikuyang'anizana. Anaika timawasha, tizitsulo tobooka pakati, kuseri kwake, anamanga, n'kuti shapu. Ine anandiuza m'Chingerezi kuti ndizipemphera, a Mbewe anawauza kuti asathamange. Tsiku limenelo tinagona ku Pietermaritzburg kwa m'bale wa a Naphiri, malo amene anthu amapita m'mawa n'kubwerako masana.

Kutacha, pokwera phiri lalitali lija la Van Reenen, tinalowa pa mzere wa mathiraki oyenda ngati akuperekeza maliro. Apo ndi pamene kilatchi inayambira. Za galimoto ine sindinkadziwa kanthu, ulendo uwu ndi umene unandiphunzitsa. Kilatchi ndi chopondera cha kumanzere, chimene woyendetsa amaponda kuti giya ilowe. A Mbewe anaponda, chopondera chinangomira mpaka pansi ngati aponda phala, osabwereranso. Giya inakukuta mano n'kukana. Tinaima pakati pa mtunda, mathiraki akutiimbira mahutala, a Naphiri atatsika akufunafuna miyala yoika kumatayala. Ine ndinakumbatira bafa la mwana n'kumaimba nyimbo ya kumpingo chamumtima. Titakhala nthawi ndithu anayesanso, kilatchi inagwira ngati sinalakwepo. Ine ndinati limenelo ndi pemphero. A Mbewe, kudzera mwa a Naphiri, anati n'zoona amayi, komabe tikaonetse ku Harrismith.

Tisanatsike pagalaja ya ku Harrismith, a Naphiri anatikumbutsa kuti Chichewa tichisiye m'galimoto. Amuna a pamenepo ankacheza za anthu obwera, macheza osakoma, ndiye ine ndinangokhala pa benchi ndi kamawu kanga ka Chizulu koti yebo, mutu uli pansi. A Mbewe Chizulu amachitha, analankhula nawo ngati wobadwira komweko. Makaniko anati timphira ta m'kati mwa pampu ya kilatchi tatha. Anasintha, anathira mafuta atsopano, ndalama imene ndinasungira matewera inatsala pomwepo. Tinadutsa Johannesburg, tinadutsa Polokwane, msewu wosalala, galimoto ikuyenda ngati yatsopano, mpaka ine ndinagonako tulo.

Ku Beitbridge tinapeza mzere wa magalimoto wosaoneka kumene wathera, dzuwa likuwotcha ngati mbaula. Kusuntha pang'ono, kuima, kusuntha, kuima. Kilatchi inamiranso. Eish. Amuna okankha analipo, koma kukankha kulikonse kunali ndi mtengo wake. Mlatho wa Limpopo tinawoloka tikukankhidwa ngati ngolo yopanda ng'ombe, a Naphiri atatulutsa mutu pawindo akukalipira okankhawo m'Chishona kuti akankhe ngati amuna. Kutsidya anatitsitsa katundu yense, ndipo wa kasitomu anazunguza mutu nthawi yaitali chifukwa nambala ya injini inali yosiyana ndi ya pa pepala lakale. Mwayi a Mbewe anali ndi pepala lachiwiri losonyeza kuti injini inasinthidwa.

Ndili pansi pa kamthunzi, ndikulondera zikwama, Malita anaimba. Anati miyendo yatupa, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo adokotala akuti sadikiranso tsiku limene anaika poyamba. Anatinso ku Dedza mvula yagwa, mayi woyandikana naye uja wayamba kumanga katundu wake. Anandifunsa kuti tili pati. Ndinati tili pafupi mwanangu, pamene pakati pathu panali mayiko awiri athunthu.

Kilatchi inagwiranso yokha, tinafika ku Masvingo, kumene makaniko wina anagwada, anasuzumira pansi, n'kunena kuti anzake a ku Harrismith analakwitsa, yodwala ndi kapampu kena ka kunsi, pafupi ndi bokosi la magiya. Nakonso kanasinthidwa. Tinadikira pa khonde la sitolo pafupifupi tsiku lonse, kapampuko akukasaka m'tauni. Ine ndikanatha kuyenda pansi ndikanayamba. Ndinafunsa za basi, anandiuza kuti mabasi a ku Malawi amadutsa atadzaza, sangaime.

Ku Harare a Naphiri anatsika. Ana awo anabwera kudzawalandira, iwo anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti, “Tsono muzilankhulira mwa ndani, mwa wailesi?” Anaseka, ine sindinaseke.

Kuchokera pamenepo m'galimoto munali zii. Mpando wa kutsogolo unali wopanda munthu, ine ndili kumbuyo komwe kuja, nditaphimba mutu ndi chitenje kuti maso athu asakumane pa galasi. Tinapeza njira yathu. A Mbewe ankalankhula ndi mphepo. Ankati, galimotoyi iima pa Mutoko, ngati muno muli anthu ofuna madzi. Ine ndinkayankha pawindo kuti anthu a muno madzi ali nawo. Nthawi ya kudya iwo ankatenga buledi wawo n'kukadyera kuseri kwa galimoto.

Tinawoloka pa Nyamapanda kulowa mu Mozambique. Mafoni athu a ku Joni anasiya kugwira, ndiye a Mbewe anagula khadi ya komweko n'kutumiza nambala kwa anthu awiri okha, Malita ndi Ankolo. Msewu wopita ku Tete unali ndi maenje oti mbuzi n'kubisalamo. Kutentha kwake sindingakufotokozereni. Lamba wa chiwongolero uja anaduka kotheratu, ndipo wina tinalibe. A Mbewe anapitiriza choncho, akupotoza chiwongolero chouma pozemba maenje, malaya atanyowa, misempha ya m'khosi itatuluka. Ndinaona manja awo atatuluka matuza, koma ndikananena kwa ndani? Ndinangoika botolo la madzi pa mpando wopanda munthu uja.

Ndiye kilatchi inamira kachitatu, pamalo pa milambe ndi minga yokhayokha, popanda ngakhale nyumba imodzi. Tinadikira ngati kale kuti mwina idzuka yokha. Sinadzuke. Magalimoto ankadutsa apo ndi apo, a Mbewe akuwakweza dzanja, koma palibe anaima. Foni inkagwira pokhapokha munthu akakwera pamwamba pa katundu wa padenga. Anakwera, n'kuimbira Ankolo, ine nditakhala patsinde pa mlambe nditawafulatira, koma ndikumva zonse.

Ankolo anawafunsa ngati kilatchi imafa m'mawa injini ili yozizira, kapena pamene akuyenda pang'onopang'ono kukutentha. A Mbewe anaganiza, n'kuti ku Van Reenen, ku Beitbridge ndi pano, monse ndi poyenda pang'onopang'ono. Ankolo anawauza kuti alowe pansi, atsatire ndi dzanja kapaipi kakang'ono konyamula mafuta a kilatchi, aone kumene kadzera. Analowa, ndipo ndinamva akufuula pang'ono, atapsa chala. Kapaipiko kanali katagundana ndi ekizozi. Injini yakale ekizozi yake inkatulukira mbali ina, yatsopanoyi inatulukira mbali ya kapaipiko. Galimoto ikamathamanga mphepo inkaziziritsa, ikamayenda pang'onopang'ono mafuta ankawira ngati madzi a tiyi, mpweya n'kudzaza m'kapaipi. Zonse zija tinasintha m'njira sizinkadwala n'komwe. Ankolo anapepesa kwambiri, akuti anayenera kuona okha.

A Mbewe anapinda kapaipiko kukatalikitsa, anadula chitini cha nsomba zimene tinadya dzulo lake, n'kuchimanga ndi waya pakati kuti chizitchinga moto. Chinatsala n'kutulutsa mpweya uja, ndipo ntchito imeneyo ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pa mpando akuponda kilatchi, wina amagona pansi pa galimoto akutsegula ndi kutseka kasikuluwu kotulutsira mpweya. M'magalaja muja ankathandizana okhaokha amakaniko. Pano panali iwo ndi ine.

Anayesa okha. Anadula mtengo n'kuupanikiza pakati pa mpando ndi chopondera, anathamangira pansi, mtengo unaterereka. Anayesanso, unatererekanso, mafuta akungotayikira mumchenga. M'botolo la mafuta a kilatchi munatsala ochepa, osafika chala. Kenako anausiya mtengowo. Ndinamva mapazi akubwera cha kumlambe, n'kuima patali ndithu. Anagwada, nkhope atalozetsa kumsewu, anawomba m'manja pang'onopang'ono.

“Amayi, ndalakwa. Koma pano palibe munthu wina. Ndikupempha phazi lanu.”

Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini chikwatireni mwana wanga. Ndinaganiza za amayi anga kumanda, kuti akanaona akanati chiyani. Ndinaganiza za Malita. Ndinadzuka, ndinamanga chitenje molimba, ndinavula nsapato.

Mpando unali wofunda ndi thupi lawo, manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Miyendo yanga ndi yaifupi, ndiye ndinaika bulangete kumsana. Iwo analowa pansi, mutu wawo uli pansi penipeni pa mapazi anga, pakati pathu pali chitsulo chokha. Poyamba ndinaponda buleki. Ndinapondaponda ndi mtima wonse mpaka mawu anatuluka pansipo mwaulemu kuti, “Cha kumanzere, amayi.”

Anandifotokozera kuti ndiziponda ndi kusiya kangapo, kenako ndiponde n'kugwira pomwepo. Akatsegula kasikuluwu chopondera chimira mpaka pansi, koma ndisachotse phazi mpaka atanena kuti atseka, chifukwa ndikachotsa msanga mpweya ubwereranso m'kati. Ulendo woyamba chitamira ndinachita mantha kuti ndathyola, ndinachotsa phazi. A Mbewe anatseka kasikuluwu. Kenako anati, “Amayi, mafuta atsala ochepa. Mukasiyanso ndisananene, tigona pano.”

Tinayambanso. Pondani. Siyani. Pondani. Gwirani pomwepo. Thukuta likulowa m'maso, mwendo ukuwawa kuyambira m'chiuno. Ndinagwira, anatsegula, chopondera chinamira, ine ndinakanikiza pansi ndi mphamvu zanga zonse. Pomwepo foni, imene a Mbewe anaisiya padenga, inayamba kulira.

Nambala ija anali nayo anthu awiri okha, ndipo Ankolo tinali titangolankhula nawo.

“Musasiye, amayi. Sindinatseke.”

Nawonso anali ataimva. Kasikuluwu kanali kotha m'mbali, sipanala inkaterereka, ndipo manja awo a matuza aja anali ataterera ndi mafuta. Ndinkamva chitsulo chikugunda chitsulo, sipanala ikugwa, akuitolanso. Foni ikulira pamwamba pa mutu wanga, malo oti ndikanangotsika n'kuponda pa tayala ndikanaifikira. Mwendo unayamba kunjenjemera wokha, ndinaugwira pa bondo ndi manja onse awiri. Ndinaiwala zoti apongozi ali pansipo, ndinapemphera mokweza. Ndinati Ambuye, ine ndilibe dzanja, ndilibe phazi, muyankhe ndinu. Foni inasiya. Inayambanso. Inalira mpaka inasiyanso.

Atanena kuti atseka, anatuluka ndi liwiro n'kukwera padenga. Anaimba, sinalowe. Anaimbanso, anamva kuti foni ya Malita ndi yotseka. Anakhala pamwamba pa katundu paja atagwira mutu, ine ndili pa mpando wawo ndikulira. Patapita nthawi anatsika n'kulowanso pansi. Tinapitiriza pondani, siyani, mpaka chopondera chinalimba pansi pa phazi langa, mafuta atatsala madontho.

Kilatchi sinavutenso. Ku Tete tinawoloka Zambezi, tinagula lamba watsopano, tinagona komweko. Foni ya Malita inali yotsekabe. Ndinkawafunsa ndekha tsopano kuti ayesenso, iwo ankayesa, n'kupukusa mutu. Cha ku Ulongwe tinalowa m'mvula, anthu ali m'minda akubzala, ndipo ndinadziwa kuti mayi uja anapita kale. Pamalire a Dedza sindikumbuka kuti anatifunsa chiyani.

Kuchidikiro anatiuza kuti Malita anamuchotsako dzulo. Ndinathamangira ku wodi ya amayi obereka, a Mbewe anatsala panja. Ndinayenda bedi ndi bedi. Ndinamupeza chakumapeto, atatuwa, milomo itauma, pambali pake pali kamwana kakamuna katakulungidwa m'chitenje chimene sindinkachidziwa. Onse awiri akupuma. Ndinagwada pa simenti pomwepo.

Chitenjecho chinali cha mayi wina amene ankadikirira mwana wake pa bedi loyandikana. Ndi iyeyo amene anamuphikira Malita phala, anamuchapira, anamuthandiza kutembenuka. Munthu wosamudziwa. Ndinagwira manja ake kuti ndithokoze, iye anangoti nayenso ndi mayi, n'kubwerera kwa wodwala wake. Mulungu amukumbukire kulikonse kumene ali.

Malita anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi mawu otsika anati, “Ndinaimba, amayi. Akunditengera kufiyeta kukandichita opaleshoni ndinapempha anamwino adikire pang'ono. Ndimafuna mundipempherere, ndimve mawu anu.”

Ndinamuuza kuti ndinaimva.

“Nanga bwanji simunayankhe?”

Ndinaganiza za kilatchi, za kasikuluwu, za mafuta otsala madontho. Ndinamupukuta nkhope, ndinatenga beseni pansi pa bedi, n'kupita kumpopi kukachapa.

Pambuyo pake mwamuna wake anamufotokozera zonse, ndipo iye anati wamva. Mdzukulu wanga pano akukwawa, galimoto ija ikunyamula kachewere, ine ndinabwerera ku ntchito yanga ku Queensburgh. Zonsezi ndimayamika Mulungu m'mawa ndi madzulo. Koma madamu amadandaula za chinthu chimodzi. Masiku ano foni yanga ikalira, kaya ndikusita malaya a abwana, kaya mkaka uli pamoto, ine ndimangosiya n'kuthamanga.